Bakha Agula Labuladolo

Padangokhala, nanu vomerani kuti tili tonse, padali Bakha.

Bakhayo adali kapitawo wa padoko la Mfumu Mvuu. Aliyense wofuna kuwoloka mtsinje ankayamba waomba m'manja pamaso pake. Koma ukapitawowo unkathera padoko pomwepo, chifukwa kunyumba Bakha adali mkamwini chabe. Adakwatira Natsekwe, ndipo mwini mbumba adali Tsekwe, mchimwene wake wa mkaziyo, mbalame yoyenda maiko akutali chaka ndi chaka.

Ana a Bakha adali ambiri, osamvanso. Kukangocha, onse balala kulowa m'bango, wina uku wina uko, mayi awo n'kusasa mawu ndi kuitana. Tsiku lina mmodzi adalowa osatulukanso. Ng'azi ndiye adamupeza.

Maliro atatha, Tsekwe adaitanira mlamu wake kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, mbumba iyi ndi yanga. Sindingamauluke mtima uli m'bango muno."

"Zoona, alamu."

"Kumene ndimapita ine, makomo osamala ana amaweta Labuladolo."

"Amaweta chiyani?"

"Labuladolo. Galu."

Nthenga za m'khosi mwa Bakha zidaima. "Galu pakhomo pa bakha, alamu?"

"Si agalu anu akunowa ayi. Ameneyu amakonda madzi kuposa inuyo. M'kamwa mwake ndi mofewa, amanyamula dzira osaliswa. Chilichonse chotayika amakachitola n'kubwera nacho kunyumba. Alipo akuda, alipo achikasu, alipo ofiirira ngati mtedza wokazinga. Mugule mmodzi. Mvula yoyamba ikadzagwa ndidzabwera, ndipo ndikadzapeza palibe, ndidzatenga mlongo wangayu ndi ana onse. Inu mudzatsala ndi doko lanulo."

Bakha adali ndi mafunso odzaza lichero. Galuyo ndi wamkulu bwanji? Amadya chiyani? Amagulidwa kuti? Koma mkamwini safunsa kawiri. Pamene ankalimba mtima kuti atsegule mlomo, n'kuti Tsekwe atauluka kale.

M'mawa mwake Natsekwe adadzaza dengu ndi mpunga, Bakha n'kusenza, ulendo wa kumsika. M'njira monse ankabwereza dzina lija kuti lisamuthawe, koma likamabwerezedwa linkapotoka. Adafunsa apa, adafunsa apo, onse n'kumangopukusa mitu. Kenako adamva mawu kumbuyo kwake.

"Mukusaka chiyani, akapitawo?"

Adali Msulu, wamalonda wogulitsa chilichonse, ngakhale chimene alibe.

"Galu."

"Agalu alipo."

"Koma wa dzina lalitali. Lobola... Labula... Labuladolo."

Chibadwire chake Msulu adali asadamvepo mawu amenewo, koma sadaphethire n'komwe.

"Tsitsani mawu, akapitawo, ena angamve n'kudzandivutitsa. Galu ameneyu sindigulitsa kwa aliyense. Tandiuzani zizindikiro zake, ndione ngati mukumudziwadi."

Bakha, pofuna kuonetsa kuti si mbuli, adakhuthula zonse: za madzi, za dzira, za kubweza zotayika, za mitundu itatu ija. Msulu ankangovomera ndi mutu ngati mphunzitsi wokhutira.

"Mwakhoza. Siyani dengulo, mubwere mawa."

M'mawa mwake Bakha adabwera ndi ana ake onse kudzalandira galu. Msulu adatulukira akukoka nyama yakuda, yaitali thupi, yaifupi miyendo, yandevu, yonunkha nsomba. Akuikoka choncho ankaimba nyimbo ya malonda ake. Nyimboyo inkatamanda galu wakuda wochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, wosaluma mwana, wobweza chotayika, ndipo pothera paliponse inkafunsa kuti wamwayi amene wamugula ndani. Ana aja sadachedwe kuigwira. Funso likafika, onse ankavomera ndi dzina la bambo awo, akuvina.

Bakha adaizungulira nyama ija, mutu utapendeka.

"Koma a Msulu, ameneyu akufanana ndi Katumbu wa kumunsi kwa mtsinje."

"Aliyense amatero. Ndi Katumbuyo amene amafanana ndi iyeyu."

Bakha adaganiza, n'kuona ngati zikumveka, ngatinso sizikumveka.

"Nanga amayankhula?"

"Chinenero cha kwawo chokha. Mukamva hu, muzingovomera."

Atafika naye kunyumba, galu uja adangoona mtsinje, khuvu! Osatulukanso. Bakha adakondwa: chizindikiro choyamba chija ndi chimenechi. Koma pofika masana, mono wa banja lonse udali mbee. Mawa lake chimodzimodzi. Mwana wina atasowa m'bango, Bakha adakuwa kuti galu akamutenge. Galu adamira, n'kutuluka ndi chambo, n'kudya yekha ali chagada. Mwanayo adachita kukamupeza ndi mayi ake.

"Amunanga," adatero Natsekwe, "tamuyeseni ndi dzira."

Adatenga dzira losukusa n'kumuikira patsogolo. Galu uja adalinunkhiza, n'kulitafuna, phwa!

"Lovunda ili!" adakuwa. "Msulu adati kuno ndizidya nsomba, osati mazira ovunda. Ntchito yake ndaisiya!"

Adalumphira m'madzi, ulendo wa kumunsi kwa mtsinje.

Bakha adathamangira kwa Msulu.

"Galu wanu wayankhula. Watchula dzina lanu, ndipo wapita."

"Wayankhula? Chinenero chathu chomwechi? Masiku ochepa omwewa? Mwaona nzeru za mtundu umenewu!"

"Koma wapita."

"Mudamupatsa chiyani?"

"Dzira losukusa."

Msulu adagwira pakamwa. "Mlendo wochokera kutali, inu n'kumulandira ndi dzira lovunda? Akapitawo, mwandichititsa manyazi. Komanso ndi inu mudalakwitsa posankha. Wakuda ndi wa asodzi. Mudati mukufuna galu, simudanene kuti wa ana. Wa ana ndi wachikasu."

Bakha adapita kukakalipa, koma adabwerera atapepesa, atalonjezanso nsengwa ya nkhono yoonjezera.

Tsiku lolandira galu wachiwiri, Msulu adabwera naye yekha padoko, atamumanga luzi m'khosi. Nyimbo idali yomwe ija, kungoti mawu adasintha. Tsopano inkanyoza galu wakuda kuti ndi wa asodzi osadziwa kulera, n'kumatamanda wachikasu, mlezi wa ana. Funso lija litafika, ana adavomeranso ndi dzina la bambo awo.

Galu watsopanoyo adali woonda, wa mlomo wosongoka, makutu ali njo. Chikasu chake chinkatsalira m'manja ukamugwira.

"Akusuluka," adatero Bakha.

"Ndi ulendo. Fumbi la kwawo ndi lachikasu."

"Talowa naye m'madzi tione."

Galu adakaniratu, miyendo yonse gwa.

"Mwaona?" adatero Msulu. "Amawakonda kwambiri madzi moti safuna kuwadetsa."

Kunyumba Natsekwe adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Amunanga, uyu si Nkhandwe?"

"Ndi Nkhandweyo amene amafanana ndi iyeyu," adayankha Bakha, koma mawuwo potuluka pakamwa pake sadakome ngati momwe adakomera pakamwa pa Msulu.

Pa zobweretsa zinthu, galu ameneyu adali katswiri. Lero wabwera ndi khasu, walisiya kuseri kwa nkhokwe. Mawa mphika. Mkuja litchowa lokongola la mikanda.

"Zimenezi zidatayika liti pakhomo pano?" adafunsa Natsekwe.

Bakha adakanda mutu. "Mwina zidatayika kwa eni ake, n'kupezeka kwathu. Nanga alamu sadanene kuti chotayika amabwera nacho kunyumba?"

"Kunyumba kwa yani?"

"Pamenepo sadanene."

Galuyo ana ankawakonda zedi. Ankakhala pafupi nawo tsiku lonse, maso ali tong'o, dovu likuchucha. Bakha adati ndi chikondi. Tsiku lina masana Natsekwe akusinja, adamva kulira. Potembenuka adaona galu atagwira mwana pakhosi, akuyenda chonyang'ama kulowera kutchire.

"Akumubweza!" adakuwa Bakha.

"Akumubwezera kuti, kunyumba kuli kuno?"

Natsekwe sadadikire yankho. Adamuthamangira ndi munsi, n'kumusinja nawo pamsana mpaka mwana adagwa pansi, wamoyo. Galu uja adathawa akutukwana m'chinenero chomveka bwino lomwe, akuti Msulu adamunamiza kuti mayi wa pakhomopo ndi wofatsa.

Phokosolo lidasonkhanitsa anansi. Nungu adasuzumira kuseri kwa nkhokwe n'kuona khasu lake. Nkhanga adaona mphika wake. Litchowa lija lidali la Mfumu Mvuu. Dzuwa lisadalowe, mudzi wonse udali utamva kuti kapitawo wa padoko amasunga zakuba, ndipo Bakha adauzidwa kuti akonzekere mlandu.

Mitambo idali itayamba kusonkhana. Bakha akayang'ana kumwamba ankaona mlamu wake, akayang'ana pansi ankaona mlandu. Adanyamuka kupita kwa Msulu, m'njira monse akuyeseza mawu aukali.

Adamupeza ali pamwamba penipeni pa chulu, atadzipinda, maso ali psuu. Pansi pa chulucho padakhala chinyama chachikulu chofiirira, makutu ogwa, mchira ukusesa pansi, m'kamwa muli chitsononkho.

Zimene Bakha sankadziwa ndi izi. Dzulo lake Msulu adapita kukaba chimanga pamunda wa anthu ena amene adasamuka. Kumeneko chinyamachi chidamutsatira. Adachigenda ndi chitsononkho kuti chichoke, icho n'kukatola n'kumubwezera. Adagenda kutali, chidabwezanso. Adathawa, chidayesa ndi masewera. Chikwerereni pachulupo, Msulu adali asadalawe kanthu.

Koma atangoona Bakha, adakonza pakhosi.

"Akapitawo! Mwafika bwino. Wofiirira uja ndi ameneyu. Mutengeni, osaonjezera kanthu."

Adayamba nyimbo ija, koma mawu ankanjenjemera, ndipo inkathamanga ngati yofuna kutha msanga. Inkati wakuda ndi wa asodzi, wachikasu ndi wa osula zitsulo, wofiirira yekha ndiye wa pabanja. Funso lija litafika padalibe wovomera, Msulu n'kudzivomera yekha.

"Ayi," adatero Bakha. "Tsopano ndachenjera. Labuladolo woyamba adali ndi ndevu. Wachiwiri adali ndi mlomo wosongoka. Uyu sakufanana ndi aliyense mwa awiriwo."

"Koma aja mudati ndi abodza."

"Eya."

"Ndiye wosafanana ndi abodza ndi wotani?"

Pamenepo chinyama chija chidaika chitsononkho pamapazi pa Bakha.

"Moni! Moni! Muponya? Ponyani!"

Bakha adalumphira m'mbuyo. "Uyu wayamba kuyankhula tsiku loyamba lomwe! Iwe, kodi ndiwe Labuladolo?"

"Kaya. Muli ndi chakudya?"

"Kwanu ankakuitana kuti ndani?"

"Tsiku lonse ankangoti Lavula, Lavula. Ndiye ndine Lavula basi."

Msulu adaimirira pachulu paja, naye atadabwa ndi mwayi wake.

"Mwamva nokha! Lavula, dolo weniweni. Lavuladolo! Alamu anuwo lilime lidangopotoka ndi maulendo. Mutengeni msanga, ena angakulandeni."

Bakha adayang'ananso mitambo. Galu wina padalibe. Adatembenuka kubwerera, chinyama chija chili pambuyo pake, mpweya wake wotentha ukumuuzira m'khosi. Koma dzina lija sadalikhulupirire, chifukwa chilichonse chochokera pakhomo pa Msulu adali atasiya kuchikhulupirira. Kunyumba adalamula kuti galuyo azingotchedwa Iwe.

Natsekwe adatulutsa dzira lina losukusa, munsi uli pafupi. Galu adalitola, adazungulira nalo nyumba, n'kudzaliika pamphasa lili lamphumphu. Kenako adadya chakudya cha banja lonse, adanyambita mbale, n'kufunsa ngati nthawi ya chakudya yayandikira.

Kutacha, ana adabalalikira m'bango monga mwa masiku onse. Galu adalumphira m'madzi. Posachedwa adatuluka ndi mwana m'kamwa, n'kudzamuika pakhomo, wonyowa ndi malovu koma wopanda bala. Adabwereranso, adatenga wina, kenako wina, mpaka onse. Ana adaona kukoma, n'kumathawa dala kuti anyamulidwe. Kwa nthawi yoyamba Natsekwe adatha tsiku osasasa mawu.

Bakha adapita kuntchito mtima uli pansi pang'ono. Adaima padoko, apaulendo atagwada akuomba m'manja. Mwadzidzidzi kudada, kudatentha, miyendo yake n'kuchoka pansi. Adangomva apaulendo akulira. Pamene kunkayeranso, adapezeka ali pakhomo pake, galu akugwedeza mchira.

"Ndakupezani!"

"Iwe, ndidali kuntchito!"

"Eya, kutali. Mudatayika."

Bakha adadzikung'untha, adabwerera kudoko. Asadamalize kulonjera munthu, kudadanso. Tsiku limenelo palibe adawoloka mwadongosolo. Apaulendo aja adafalitsa mbiri yoti kapitawo wadyedwa ndi chilombo, ndipo abale ake a Bakha adafika kuchokera kwawo akulira maliro, n'kumupeza atakhala pakhonde akuumitsa nthenga.

"Uyu ndiye wabodza kuposa onse," adadandaula Bakha kwa mkazi wake. "Woyamba ankafuna nsomba. Wachiwiri ankafuna mwana. Uyu akufuna ineyo. Akundilawa pang'onopang'ono."

"Ana alipo onse, amunanga."

"Nanga ine ndine mwana?"

"Wakulumani?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"N'chimene chikundiopsa. Akudikira chiyani?"

Adayesa kukamubweza kwa Msulu, koma ulendo uliwonse unkathera pakhomo pake pomwe.

Tsiku la mlandu lidafika. Mfumu Mvuu idakhala pabwalo, maso akulemera ndi tulo monga mwa chizolowezi chake. Bakha adagwada, adaomba m'manja, n'kuyamba kuti, "Mfumu, litchowa lanu lija..." Pomwepo kudada.

Mfumu idatsegula diso. "Wamlandu ali kuti?"

"Wadyedwa, mfumu," adayankha Nungu.

"Ndiye mlandu watha."

"Uyo akubweranso, mfumu."

Bakha adafika ali wefuwefu, adagwadanso. "Monga ndimanena, mfumu, litchowa..." Kudadanso.

"Kodi amadyedwa kangati munthu ameneyu?" idafunsa mfumu.

Zitachitikanso, Mfumu Mvuu idadzuka mwaulesi n'kulamula kuti bwalo lisamukire pakhomo pa wamlandu, popeza kumeneko n'kumene akuoneka kuti amakhalitsa. Kumeneko Bakha adafotokoza zonse, kuyambira pa dengu la mpunga mpaka pa munsi. Mfumu idatuma mthenga kukaitana Msulu. Mthenga adabwerako ndi mawu oti Msulu wadwala, ndipo matenda ake ndi opatsirana.

Natsekwe adalowa m'nyumba, adatuluka ndi luzi lija Msulu adamangira Nkhandwe, n'kununkhitsa galu.

"Iwe, mwini wake wa luzi ili watayika."

Galu adangoti fumbi koboo. Bwalo lisadamalize kunong'onezana, adatulukira, Msulu ali lende m'kamwa mwake, mutu uku mchira uko.

"Asamutsitse," idatero mfumu. "Ayankhule ali momwemo. Msulu, udagulitsa agalu abodza?"

"Mfumu, ndiyankha. Koma choyamba mundithandize. Amene wandinyamulayu ndi Labuladolo kapena ayi?"

"Zikukhudzana bwanji?"

"Ngati ndi iye, ndiye kuti akapitawo adafuna Labuladolo ndipo ndidawapatsa, mlandu palibe. Awiri aja adali ongowaphunzitsira kusankha. Ngati si iye, ndiye kuti ndagwidwa ndi chilombo chosadziwika pamaso panu, ndipo wamlandu ndi mwini chilombocho."

Mfumu Mvuu idagwedeza timakutu take. Idayang'ana Nungu, Nungu adayang'ana Nkhanga, Nkhanga adayang'ana pansi.

"Alipo adamuonapo Labuladolo pano?"

Padalibe ndi mmodzi yemwe.

"Akapitawo, galu wanuyu ndi iye kapena si iye?"

Bakha adaona kuti wapanikizika. Akati ndi iye, Msulu apulumuka. Akati si iye, mlandu ugwera iye mwini, ndipo mvula ikagwa ana apita.

"Mfumu, m'mawa ndimaona ngati ndi iye. Masana ndimaona ngati si iye."

"Njira ilipo," adatero Msulu mofatsa. "Galu weniweni amadziwa dzina lake. Akapitawo amuitane mokweza ndi dzina limene adabwera nalo. Akavomera, ndi iye."

"Muitaneni," idalamula mfumu.

Bakha adakoka mpweya. "Lavula!"

Galu adayasamula pomwepo. Msulu adagwa pansi, ndipo fumbi lisadakhazikike adali atalowa kale mu una wa pansi pa nkhokwe. Kuchokera pansi pa nthaka nyimbo ija idamveka, tsopano yosanjenjemera. Inkathokoza bwalo chifukwa cha chiweruzo chabwino, inkakumbutsa onse kuti agalu a mitundu ina akubwera posachedwa, ndipo pothera pake idafunsa kuti dolo weniweni ndani. Ana a Bakha, posadziwa kuti funso lasintha, adavomera ndi dzina la bambo awo.

"Ndiye wavomera kapena sadavomere?" idafunsa mfumu.

Palibe adadziwa. Mfumu idatola litchowa lake, idauza Nungu ndi Nkhanga kuti atole zawo, n'kunena kuti mlandu umene woweruza sakuumva sungakhale ndi wolakwa. Idabwerera kukagona.

Anthu atabalalika, Bakha adayandikira galu uja.

"Tsono ndikati Lavula, iwe umalavula?"

"Eya! Ndi dzina labwino, eti?"

"Masiku onsewa bwanji sudandiuze?"

"M'kamwa mudali inuyo."



Mvula yoyamba idagwa m'mawa mwake, ndipo isadakate, Tsekwe adatera pabwalo. Sadalandire ngakhale madzi akumwa.

"Alamu, galu uja ali kuti?"

Bakha adaloza. Tsekwe adabwerera m'mbuyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Labuladolo, alamu. Kapena."

"Ayi. Amene ndidawaona ine ndi aang'ono ngati mbewa. Ichi ndi chimwana cha ng'ombe. Natsekwe, manga katundu."

Ana adasiya kusewera. Natsekwe sadasunthe.

"Achimwene, agaluwo mudawaonera pati?"

"M'mwamba. Ukuganiza kuti ndikadatera pakati pa anthu a mfuti?"

"Nanga za m'kamwa mofewa mudazidziwa bwanji?"

"Ndinkawaona akutola abakha pamadzi, n'kupita nawo kwa anthuwo mosamala zedi."

"Abakhawo ankabwerako?" adafunsa Bakha.

"Sindidadikire kuti ndione. Ndati manga katundu."

Natsekwe adalowa m'nyumba n'kuyamba kukulunga mphasa pang'onopang'ono. Bakha adagwada m'matope momwemo.

"Alamu, ine sindidziwa kanthu, ndavomera. Koma poti enawo mudawaonera m'mwamba, taulukani mumuonerenso uyu m'mwamba momwemo."

Tsekwe adang'ung'udza, koma adauluka. Adakwera, adakwera, mpaka adachepa ngati ntchentche. Mawu ake adamveka chapatali.

"Ndi yemweyo! Wachepa!"

Adatsika pang'ono.

"Ayi, wakulanso! Si iye!"

Adakweranso. "Ndi iye!" Adatsikanso. "Si iye!"

Bakha khosi lidamupweteka ndi kuyang'ana kumwamba, mtima ukukwera ndi kutsika pamodzi ndi mlamu wake. Potsiriza Tsekwe mapiko adalema, n'kukatera pamtsinje kuti apume.

Khuvu!

Posachedwa galu adatulukira pabwalo akudontha madzi, mwini mbumba ali lende m'kamwa, khosi lalitali lija likukokeka.

"Alamu! Chiuzeni chinthu chanuchi chindisiye!"

Bakha adatsegula mlomo, koma Natsekwe, amene adali atatuluka, adamuponda phazi.

"Achimwene, mwalumidwa?"

"Ayi! Koma ndi..."

"M'kamwamo muli bwanji?"

"Mofewa! Mwamalovu!"

"Wakupezani pati?"

"Pamadzi!"

"Wabwera nanu kuti?"

"Kunyumba! Iwe Natsekwe, ndi nthawi ya mafunso ino?"

"Latsala limodzi. Ameneyu ndani, ndipo katundu uja ndimangebe?"

Tsekwe adaphupha, adaphupha, galu ali phee, mchira wokha ukugwedera.

"Ndi Labuladolo! Masula katunduyo!"

Natsekwe adachotsa phazi lake. Bakha adaitana dzina la Lavula lija mwaulemu, ngati akupepesa, ndipo Tsekwe adagwera pamphasa. Adadzuka, adakonza nthenga zake imodziimodzi, n'kukweza mutu.

"Ndimamuyesa," adatero. "Mwasankha bwino, alamu. Ine ndidamuzindikira nditangotera."

Adapempha madzi osamba, ndipo za katundu sizidatchulidwenso.

Chakumadzulo, ana atalowa onse, galu atagona pakhomo mutu uli pamapazi a mbuye wake, Bakha adanong'oneza mkazi wake.

"Natsekwe, kunena zoona, ndi iyedi ameneyu?"

"Achimwene avomera."

"Avomera ali m'kamwa."

"Msulu adanenanso."

"Msulu!"

"Ndiye mufunseni mwini wake."

Bakha adawerama. "Lavula, tandiuza mwachinsinsi. Ndiwe Labuladolo?"

Galu adatsegula diso limodzi. "Amadyedwa?"

Bakha adakalamba ndi ana ake onse pamudzi pomwepo, koma yankho sadalipeze. N'chifukwa chake mpaka lero bakha akakumana ndi galu amaima, n'kupendeketsa mutu, kumuyang'ana ndi diso ili kenako ndi linalo. Akadafunsabe.

Yanga yathera apa. Amene adaika mbatata paphulusa aiphule isadapserere.